KUSUNGA MALUWA A LISIANTHUS M'NYUMBA M'NYENGO YACHISANU

Phunziro la alangizi a zaulimi

MAU OYAMBA

Lisianthus ndi duwa limene ogula amalikonda pa maukwati, m'mahotela ndi m'masitolo a maluwa, chifukwa mitundu yake ina imafanana ndi rozi, ndipo likadulidwa limatha masiku 10 mpaka 14 m'madzi lisanafote. Komabe duwali ndi lovuta kulima. Mbewu yake imachokera kunja ndipo ndi yokwera mtengo, mbande zake zimakula pang'onopang'ono, ndipo kuyambira pofesa kufikira pokolola maluwa pamapita miyezi 5 kapena 6. Motero mchikumbi amene zomera zake zafa m'mwezi wa Juni wataya ndalama pamodzi ndi ntchito ya theka la chaka.

Phunziro lino lakonzedwa pofuna kuthandiza alangizi amene amagwira ntchito ndi achikumbi a maluwa m'madera ozizira a kum'mwera ndi pakati pa Africa. Likufotokoza madera amene akufunika kulowetsa zomera m'nyumba, kasankhidwe ka zomera zoyenera kusunga, kasamalidwe kake m'miyezi yozizira ndi katulutsidwe kake nyengo ikayamba kufunda. Mfundo yaikulu imene mlangizi ayenera kuigwiritsitsa ndi iyi: chomera chimene chathawitsidwa ku chisanu kawirikawiri chimafera m'nyumba chifukwa cha madzi ochuluka, mdima ndi kusowa mpweya woyenda.

1. KUMUDZIWA LISIANTHUS

Dzina la sayansi la chomerachi ndi Eustoma grandiflorum, ndipo chili m'banja la Gentianaceae. Kwawo kwenikweni ndi ku zigwa za udzu za dziko la United States, monga ku Texas, Oklahoma ndi Nebraska, ndiponso kumpoto kwa Mexico. Mitundu yambiri imene ikugulitsidwa lero inakonzedwa ndi akatswiri a ku Japan, kumene duwali linafika m'zaka za m'ma 1930. M'zaka za m'ma 1980 makampani a mbewu a kumeneko, monga Sakata, anayamba kutulutsa mitundu ya haibulidi imene inalitchukitsa pa misika ya dziko lonse.

Kuthengo lisianthus amakhala chaka chimodzi, ziwiri kapena kupitirirapo pang'ono, malinga ndi kuzizira kwa malo. Nyengo ikazizira amaleka kukula n'kutsala ndi masamba ochepa ogundana ndi nthaka, ndipo dzuwa likayamba kutentha amatulutsa tsinde la maluwa. Khalidwe limeneli ndi limene limatipatsa mwayi womusunga kufikira chaka chachiwiri.

Pali zinthu zinayi zimene mlangizi ayenera kudziwa za chomerachi. Choyamba, mizu yake ndi yosalimba ndipo siifuna kusokonezedwa. Chachiwiri, mizuyo imaola msanga m'dothi lonyowa ndi lozizira. Chachitatu, chimafuna kuwala kwambiri, ndipo chimafulumira kuchita maluwa masiku akamatalika. Chachinayi, sichikula bwino m'dothi la asidi; chimafuna dothi la pH ya pakati pa 6.5 ndi 7.0.

2. KODI NDI MADERA ATI AMENE AKUFUNIKA NTCHITOYI?

Si mchikumbi aliyense amene ayenera kulowetsa zomera zake m'nyumba. Ntchito yoyamba ya mlangizi ndiyo kudziwa gulu limene dera lake lili.

Madera a chisanu choopsa. Awa ndi mapiri a ku Lesotho ndi madera okwera a pakati pa South Africa, monga ku Johannesburg ndi ku Bloemfontein. Kumeneku madzi amaundana usiku kuyambira mu Meyi kufikira kumayambiriro kwa Sepitembala. Zomera za m'miphika ziyenera kulowetsedwa m'nyumba nyengo yonseyi.

Madera a chisanu cha apo ndi apo. Awa ndi monga Nyanga ndi Marondera ku Zimbabwe, Dedza ndi mapiri a Nyika m'Malawi, Angonia ku Mozambique, ndi madambo a kum'mwera chakumadzulo kwa Zambia. Chisanu chowaula mbewu chimagwa masiku owerengeka mu Juni ndi Julayi, makamaka m'malo otsika. Kuno khonde lotchingidwa kapena nyumba ya pulasitiki ikhoza kukwanira, malinga mchikumbi akhale tcheru usiku uliwonse.

Madera a chiperoni. Ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre kumagwa mvula yowaza ya chifunga imene imatha masiku angapo dzuwa osaoneka. Mdani wa kuno ndi chinyezi chimene chimabweretsa nkhungu pa masamba. Zomera zimafuna denga ndi mpweya woyenda. Chimodzimodzinso ku Western Cape, kumene mvula imagwa m'nyengo yozizira.

Madera otentha. M'chigwa cha Shire, cha Luangwa, cha Zambezi ndi m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, miyezi yozizira ndiyo yabwino kwambiri kwa lisianthus. Kulowetsa zomera m'nyumba kumeneko ndi kuziononga chabe.

Chenjezo: malangizo olembedwa pa mapaketi a mbewu zochokera ku Ulaya, ku Japan kapena ku America amatsata nyengo za kumpoto kwa dziko lapansi, kumene chisanu chimagwa kuyambira Disembala mpaka Febuluwale ndipo dzuwa limalowera pa zenera loyang'ana kum'mwera. Kuno zonsezi ndi zotembenuka. Mlangizi afotokozere achikumbi kuti miyezi yolembedwayo aisunthe ndi theka la chaka.

3. KUSANKHA ZOMERA ZOYENERA KUSUNGA

Alimi akuluakulu a maluwa kawirikawiri amazula lisianthus akakolola kamodzi kapena kawiri, n'kubzala mbande zatsopano. Amatero chifukwa matenda a m'mizu amachuluka chomera chikamakalamba, ndiponso maluwa a chaka chachiwiri satalika mofanana. Kwa mchikumbi wamng'ono, amene mbande amazipeza movutikira, kusunga zomera kuli ndi phindu: chomera chosungidwa bwino chili kale ndi mizu, choncho chimachita maluwa msanga kusiyana ndi chofesedwa chatsopano. Kusunga njere za mitundu ya haibulidi si njira yabwino, popeza ana ake safanana ndi kholo pa mtundu wa duwa ndi kutalika kwa tsinde.

Sankhani zomera zimene zili ndi zizindikiro izi:

(a) Masamba olimba, obiriwira motuwirako, opanda mawanga.
(b) Tsinde lolimba pamene lagundana ndi dothi, losafewa ndi losada.
(c) Timphukira tatsopano tooneka m'munsi mwa tsinde.
(d) Mizu yoyera, ngati chomeracho chili kale mumphika.

Tayani chomera chilichonse chimene chimafota masana ngakhale dothi lili lonyowa, chimene chili ndi masamba opiringizika kapena a mawanga ozungulira ngati mphete, ndi chimene tsinde lake lada. Chomera chimodzi chodwala chikhoza kupatsira zinzake zonse m'chipinda. Ndi bwino kusunga zomera 20 zathanzi pamalo owala kusiyana ndi kupanikiza zomera 60 pamalo omwewo.

4. KUKONZEKERA CHISANU CHISANAFIKE

Ntchitoyi iyambike kumapeto kwa Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi, patatsala milungu 3 kapena 4 kuti chisanu choyamba chigwe. Nthawi imeneyi imapatsa mizu mpata wogwira mumphika kukadali kofunda.

Miphika. Gwiritsani ntchito miphika ya masentimita 15 mpaka 20 kukamwa kwake, yozama bwino ndi yoboola pansi. Miphika yadothi ndi yabwino chifukwa imauma msanga. Zidebe, zitini ndi machubu akuluakulu a pulasitiki angagwirenso ntchito ngati abooledwa mabowo okwanira. Mphika waukulu kwambiri umasunga madzi amene mizu singathe kumwa. Miphika yakale itsukidwe ndi sopo, kenaka iviikidwe kwa mphindi 30 m'madzi a Jik, muyezo umodzi wa Jik pa miyezo 9 ya madzi, ndipo itsukuluzidwe ndi madzi oyera.

Dothi. Sakanizani miyezo 2 ya dothi lapamwamba lachonde, muyezo umodzi wa manyowa owolerana bwino, ndi muyezo umodzi wa mchenga wa kumtsinje wokhakhala kapena mankhusu a mpunga otenthedwa. Musatenge dothi pamene panali lisianthus wodwala, ndipo pewani dothi la makande ndi la pachulu chifukwa limagwira madzi. Dothi la m'madera okwera a mvula yambiri, monga Thyolo, Mulanje ndi kumpoto kwa Zambia, nthawi zambiri limakhala la asidi ndipo limafuna laimu. Kuchuluka kwa laimu kudziwike poyezetsa dothi ku malo ofufuzira zaulimi, monga Bvumbwe ndi Chitedze m'Malawi kapena Mount Makulu ku Zambia.

Kuzula. Thirirani bedi dzulo lake. M'mawa kumbani mozungulira chomera, masentimita 10 kuchokera pa tsinde, ndipo chinyamuleni ndi dothi lake lonse osaligwedeza. Chiikeni mumphika mozama monga momwe chinalili m'munda. Kukwirira tsinde mopitirira kumaolesa chomera.

Kudulira. Dulani matsinde onse amene anachita maluwa, n'kusiya mfundo 2 kapena 3 za masamba pamwamba pa dothi. Chotsani maluwa otsala, masamba ouma ndi zinyalala zonse za pamphika. Mpeni kapena sizasi ipukutidwe ndi sipiriti musanapite pa chomera china. Dulirani tsiku louma, m'mawa, kuti mabala aume dzuwa lisanalowe.

Mukatha izi ikani miphika pamthunzi wowala kwa mlungu umodzi, kenaka muisunthire pamalo amene idzakhale nyengo yonse.

5. KUSANKHA MALO M'NYUMBA

Kuwala. M'mwezi wa Juni dzuwa limadutsa chakumpoto. Ku Lilongwe limakwera madigiri pafupifupi 53 masana ndipo tsiku limakhala la maola 11 ndi mphindi zochepa. Ku Johannesburg limakwera madigiri 40 okha ndipo tsiku ndi la maola 10 ndi theka. Motero zenera kapena khonde loyang'ana kumpoto ndilo loyenera. Loyang'ana kum'mawa ndi lachiwiri. Loyang'ana kum'mwera sililandira dzuwa m'nyengoyi ndipo lisagwiritsidwe ntchito. Miphika ikhale pafupi ndi zenera, chifukwa kuwala kumachepa kwambiri ukangolowa mita imodzi kapena awiri m'chipinda. Tembenuzani miphika kamodzi pa mlungu kuti zomera zisapendekere mbali imodzi. Khoma lopakidwa laimu kumbuyo kwa miphika limabweza kuwala.

Kutentha. Cholinga ndi kugoneka chomera, osati kuchikulitsa. Kutentha kwa madigiri 10 mpaka 15 ndiko koyenera, ndipo usiku kusatsike kupitirira madigiri 5. Chipinda chofunda koma chamdima chimatulutsa mphukira zazitali, zoyezuka ndi zofooka, zimene nsabwe ndi nkhungu zimazigwira msanga. Nyumba ya malata yopanda siling'i imatentha masana n'kuzizira kwambiri mbandakucha, pamene ya njerwa yofolera ndi udzu siisinthasintha motero. Ngati kalabu ya achikumbi ingathe, igule chida choyezera kutentha chimene chimasonyeza pamene kunatentha kwambiri ndi pamene kunazizira kwambiri pa tsiku, ndipo chipachikidwe molingana ndi masamba.

Mpweya. Tsegulani mazenera kuyambira dzuwa likafunda kufikira cha m'ma 3 koloko masana. Miphika italikirane kotero kuti masamba a chomera china asagunde a chinzake. Ikhale pa thandala kapena pa matabwa, osati pa simenti, popeza simenti imaziziritsa mizu.

Zoyenera kupewa. Musaike zomera m'khitchini kapena m'chipinda chosungiramo nthochi, mapeyala ndi tomato wakupsa. Utsi ndi zipatso zakupsa zimatulutsa mpweya wa ethylene umene umafulumizitsa kukalamba kwa masamba ndi maluwa. Koposa zonse, mlangizi aletse achikumbi kuyatsa mbaula ya makala m'chipinda chotseka pofuna kufunditsa zomera. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene sununkha, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Palibe duwa limene lingalingane ndi moyo wa munthu.

6. KUTHIRIRA NDI FETELEZA

Chomera chodulidwa chili ndi masamba ochepa, ndipo m'nyengo yozizira chimamwa madzi pang'ono zedi. Mchikumbi amene anazolowera kuthirira tsiku ndi tsiku m'chilimwe amapitiriza mwambowo, ndipo mizu imabanika n'kuola. Chomvetsa chisoni n'chakuti chomera cha mizu yoola chimafota ngati chaludzu, kotero mwini wake amawonjezera madzi n'kuchimaliza.

Phunzitsani achikumbi kuyeza ndi chala. Alowetse chala m'dothi masentimita 3. Ngati likumveka lonyowa, asathirire. Angathenso kunyamula mphika: wopepuka ukufuna madzi, wolemera ayi. Musawapatse masiku oikika othirira, chifukwa miphika imauma mosiyana malinga ndi kukula kwake ndi malo amene ili.

Malamulo a kuthirira ndi awa:

(a) Thirirani m'mawa okhaokha, kuti pofika usiku pamwamba pa dothi pakhale pouma.
(b) Thirani madzi m'mbali mwa mphika, osati pa masamba kapena pa tsinde.
(c) Madzi agone m'chipinda momwemo kuti asakhale ozizira kwambiri.
(d) Thirani mpaka madzi atulukire pansi, ndipo tayani otsala m'mbale ya pansi pa mphika.

Madzi a m'mijigo ina ali ndi mchere. Mchere woyera ukayamba kuoneka pamwamba pa dothi kapena m'mphepete mwa mphika, sankhani tsiku lofunda, thirani madzi abwino ambiri kuti autsuke, ndipo dikirani kuti mphika uume bwino musanathirirenso.

Musathire feteleza mu Juni ndi Julayi. Chomera chogona sichimugwiritsa ntchito, ndipo amangounjikana n'kuwotcha mizu. Feteleza ayambike mphukira zatsopano zikaoneka.

7. MATENDA NDI TIZILOMBO

Mlangizi alimbikitse achikumbi kuyang'ana chomera chilichonse kawiri pa mlungu, makamaka kunsi kwa masamba ndi m'munsi mwa tsinde.

Nkhungu yotuwa, yoyambitsidwa ndi Botrytis cinerea. Imaoneka ngati ubweya wotuwa pa mabala a podulira, pa masamba akufa ndi m'munsi mwa tsinde. Imakonda malo ozizira, achinyezi ndi opanda mphepo, monga masiku a chiperoni. Dulani mbali yodwalayo, itulutseni m'chipinda, ndipo wonjezerani mpweya.

Kuola kwa mizu ndi tsinde, koyambitsidwa ndi Pythium ndi Fusarium. Masamba amafota ndi kuyezuka, mizu imasanduka yofiirira ndi yofewa, tsinde limada m'munsi. Chomera chikafika apa sichichira. Chitayeni pamodzi ndi dothi lake kutali ndi nazale, osati pa mulu wa kompositi, ndipo mphika utsukidwe ndi Jik.

Akangaude ofiira. Miyezi yozizira m'madera ambiri ndi youma, ndipo tizilomboti timaswana m'zipinda zouma ndi zofunda. Masamba amachita timadontho toyera ndipo kunsi kwake kumaoneka ulusi wosalala. Pukutani masamba ndi nsalu yonyowa m'mawa wa tsiku la dzuwa.

Nsabwe za m'masamba ndi ntchentche zoyera. Zimagwira mphukira zanthete. Zikakhala zochepa zifinyeni ndi zala kapena zitsukeni ndi madzi a sopo wochepa, mutayamba mwayesa pa chomera chimodzi.

Mathiripisi. Ndi tizilombo tating'ono kwambiri tobisala m'mphukira. Kuopsa kwake n'kwakuti timafalitsa mavairasi, kuphatikizapo amene amagwiranso tomato. Chomera cha vairasi chilibe mankhwala ndipo chiyenera kuotchedwa. Musasunge lisianthus pamodzi ndi mbande za tomato, tsabola kapena anyezi.

Timaudzudzu takuda touluka pamwamba pa mphika. Mphutsi zake zimadya timizu tanthete. Tikaoneka, ndi umboni wakuti dothi likukhala lonyowa mopitirira muyezo.

Ngati pafunika mankhwala ogula, gwiritsani ntchito okhawo amene ndi ololedwa m'dziko lanu, ndipo tsatirani malangizo a pa botolo. Tulutsani miphika panja popopera, ndipo muilowetse masamba atauma. Mankhwala asapoperedwe m'chipinda chogona anthu kapena chosungiramo chakudya.

8. USIKU WA CHISANU

Chisanu cha kuno chimagwa kumwamba kukakhala kopanda mitambo, mphepo italeka ndipo mpweya uli wouma. Nthaka imataya kutentha kwake usiku wonse, ndipo kuzizira kumafika pachimake dzuwa litatsala pang'ono kutuluka. Mpweya wozizira ndi wolemera, choncho umatsetserekera kumadambo ndi m'zigwa monga amachitira madzi. N'chifukwa chake nyumba ya m'munsi mwa phiri imagwidwa ndi chisanu pamene ya pamtunda yapulumuka. Mizu ya mumphika ili pangozi kuposa ya m'munda, popeza kuzizira kumailowera mbali zonse.

Madzulo a tsiku lotere mchikumbi achite izi:

(a) Asunthe miphika kuichotsa pa zenera, chifukwa tsamba logunda galasi kapena pulasitiki limawauka.
(b) Atseke mazenera dzuwa lisanalowe, kuti asunge kutentha kwa masana.
(c) Aunjike miphika pamodzi ndi kuikuta ndi udzu wouma, masaka kapena nyuzipepala.
(d) Afunditse zomera ndi chiguduli kapena nsalu yoyalidwa pa timitengo, yofika pansi mbali zonse.

Pulasitiki imodzi yokha siiteteza kwenikweni ku chisanu. M'nyumba ya pulasitiki ikani zigubu zakuda zodzaza madzi pakati pa miphika. Zimatenga kutentha masana n'kukutulutsa usiku. M'mawa chotsani zofunda ndi kubwezera miphika motalikirana. Masamba akawauka musafulumire kutaya chomera. Dikirani masiku angapo, dulani zofa zokha, ndipo ngati m'munsi mwa tsinde muli molimba, chidzaphukanso.

9. KUTULUTSA ZOMERA PANJA

Kumapeto kwa Ogasiti masiku amatalika ndipo mphukira zimayamba kukwera. Apa wonjezerani madzi pang'onopang'ono ndi kuyamba feteleza wosungunula m'madzi, theka la muyezo wolembedwa pa paketi, kamodzi pa milungu 2. Lisianthus amafuna kashiamu wokwanira. Akasowa, nsonga za masamba anthete zimapsa. Siyani mphukira 2 kapena 3 zamphamvu pa chomera chilichonse kuti matsinde atalike.

Chomera chimene chakhala miyezi m'nyumba sichingapirire dzuwa la Sepitembala tsiku limodzi. Chizolowetseni kwa masiku 7 mpaka 10: tsiku loyamba maola 2 a m'mawa, kenaka muziwonjezera, ndipo usiku muzichilowetsa kufikira ngozi ya chisanu itatha. M'madera a chisanu choopsa dikirani mpaka pakati pa Sepitembala.

Pookera m'munda sankhani bedi lokwera, lotaya madzi msanga, pamene sipanabzalidwe lisianthus chaka chatha. Talikitsani zomera masentimita 15 mpaka 20, ndipo mangani ukonde kapena zingwe zochirikiza matsinde. Maluwa akayandikira nyengo ya dzinja, denga la pulasitiki lotseguka m'mbali limawateteza ku mvula, imene imaika mawanga pa maluwa.

10. KUFESA M'NYENGO YOZIZIRA

Malo omwewo osungiramo zomera angathandizenso kulera mbande. Mbande za lisianthus zikakulira pamalo otentha kupitirira madigiri 25, makamaka usiku ukakhalanso wofunda, zambiri zimangophwathalala pansi ngati kabichi wamng'ono, osatulutsa tsinde kwa miyezi. Vutoli limathetsedwa ndi kuzizira kwa madigiri pafupifupi 10 kwa milungu 4 kapena 5. Pa chifukwa chimenechi kufesa mu Meyi kapena Juni n'kwabwino kusiyana ndi kufesa mu Okutobala.

Njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi, ndipo zambiri zimagulitsidwa zitakutidwa kuti zigwirike. Zimafuna kuwala kuti zimere, choncho zisakwiriridwe. Zimamera pakatha masiku 10 mpaka 15 pa kutentha kwa madigiri 20 mpaka 24, motero thireyi ikhale pamalo ofunda a m'nyumba kufikira zitamera, kenaka isunthidwire pamalo owala ndi ozizirirapo. Mbande zimatenga milungu 10 mpaka 12 kuti zikhale zookera. Zisakhalitse m'thireyi mpaka mizu kupiringizana, popeza mbande yotero imapinimbira. Thireyi za mbande zitalikirane ndi zomera zakale kuti zisatengere matenda.

11. NTCHITO MWEZI NDI MWEZI

Epulo: kuyendera minda, kusankha zomera, kukonza miphika ndi dothi.
Meyi: kuzula, kudulira, kulowetsa m'nyumba, kufesa mbewu zatsopano.
Juni ndi Julayi: madzi ochepa, feteleza ayi, mpweya masana, kufunditsa usiku wa chisanu.
Ogasiti: kuwonjezera madzi, kuyamba feteleza, kupatulira mphukira.
Sepitembala: kuzolowetsa dzuwa ndi kuokera m'munda.

12. UDINDO WA MLANGIZI

Achikumbi amakhulupirira zimene aona ndi maso. Mlangizi akhazikitse chionetsero pa nyumba ya mmodzi wa mamembala a kalabu. Atenge zomera 30 zofanana n'kuzigawa patatu: 10 pa zenera la kumpoto zothiriridwa poyeza ndi chala, 10 pamalo omwewo zothiriridwa tsiku ndi tsiku, ndipo 10 zitsale panja. Mlungu uliwonse alembe m'kaundula kuzizira kwa usiku, masiku othirira, zomera zakufa ndi chimene chazipha. Pokolola awerenge matsinde a gulu lililonse ndi kuyeza kutalika kwake. Zotsatirazi zitumizidwe ku malo ofufuzira a pafupi, chifukwa mitundu ya lisianthus imapirira mosiyana, ndipo kaundula wa m'dera lanu ndiye adzasonyeze mtundu woyenera kumeneko.

Mlangizi athandizenso mchikumbi kuwerengetsera. Mtengo wa miphika, dothi ndi ntchito ya miyezi inayi uyerekezedwe ndi mtengo wa mbande zatsopano. Ngati munda unagwidwa ndi matenda a m'mizu, uphungu woona ndi wakuti azule zonse n'kuyambiranso pa dothi latsopano.

MAFUNSO OBWEREZA

1. Kodi dera lanu lili m'gulu liti mwa magulu anayi aja, ndipo mdani wamkulu wa lisianthus kumeneko ndi uti?
2. N'chifukwa chiyani zenera loyang'ana kumpoto ndilo loyenera?
3. Mchikumbi wakuuzani kuti zomera zake zikufota ngakhale amathirira tsiku ndi tsiku. Mudzayang'ana chiyani, ndipo mudzamulangiza zotani?
4. Tchulani zizindikiro za usiku wa chisanu ndi zinthu zinayi zoyenera kuchita madzulo ake.
5. Fotokozani chifukwa chake mbaula ya makala siiyenera kuyatsidwa m'chipinda chotseka.

KUMBUKIRANI

Sungani zomera zathanzi zokha. Zikhale pamalo owala, ozizirira bwino ndi opita mphepo. Yezani dothi ndi chala musanathirire. Funditsani usiku wa chisanu, vundukulani m'mawa, ndipo tulutsani zomera pang'onopang'ono chisanu chikatha.